Bondo la Asisi Anga a Mainess

Mukafunsa munthu aliyense wa ku komboni ya Nabvutika ku Chipata amene imvi zayamba kumutuluka, akuuzani kuti pa nkhani yodwazika matenda panalibe wofanana ndi a Mainess Daka. Ine ndine Zelipa, mng'ono wawo, ndipo ndikuvomereza ndi mtima wonse. Ndikuvomerezanso china chimene a ku Nabvutika sakonda kumva: luso lomwelo ndi limene linatsala pang'ono kuwalanda asisi anga mwendo, ndipo manja amene anagwira ntchito imeneyo anali anga.

Tinabadwa asanu ndi mmodzi m'nyumba ya a Enoch Shawa, mphunzitsi wa sukulu za mishoni amene ankakhulupirira kuti mwana wosasita yunifolomu sangalowe kumwamba. Asisi anali oyamba kubadwa, ine ndinali mzime. Pakati pathu pali zaka khumi ndi chimodzi, choncho msana umene ndinakulirapo unali wawo. Amayi athu anali munthu wodwaladwala, ndipo asisi anaphunzira kusambitsa munthu wamkulu ndi kumutembenuza pamphasa asanamalize n'komwe pulayimale. Ine ndinaphunzira kulongolola. Aliyense ali ndi mphatso yake, ndipo yanga ndi mtima wapachala.

Atakula, asisi anatengera abambo n'kukhala mphunzitsi. Kwa zaka makumi atatu anaphunzitsa atsikana a m'Chipata kusoka, ndipo mpaka lero kuli amayi akuluakulu amene akaika chigamba pa malaya amayamba atembenuza nsalu, kuopa kuti a Mainess angaone mfundo ili poyera. Anakwatiwa ndi a Bizwell Daka, kalaliki wa pamalire a Mwami, munthu wofatsa amene ankabwera kunyumba zala zili bii ndi inki ya chidindo. Anamanga nyumba ya zipinda zitatu ku Nabvutika, chimbudzi chili panja kumapeto kwa bwalo, ndipo anabereka mwana mmodzi yekha, Lovemore. Ine ndinakwatiwa ku Kasenengwa, kumene ndimalima mtedza ndi chimanga mpaka pano.

Dzina la asisi linamveka m'zaka zija za matenda, pamene nyumba zambiri zinali ndi chipinda chimodzi chosatsegula mazenera, ndipo achibale ena ankaopa kugwira ngakhale kapu ya wodwala. Asisi anasonkhanitsa amayi a ku tchalitchi kwawo n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Anali ndi malamulo awo, ndipo ankawanena ndi mawu omwe aja a m'kalasi. Wodwala asadzuke chifukwa choti kwabwera mlendo. Kapu umugwirire. Ndowa ikhale pafupi ndi bedi, ndipo munthu asachite kuipempha kawiri. Lamulo la ndowali linali ndi chiyambi chake. Tsiku lina anapeza mtsikana atagwa pakati pa nyumba ndi chimbudzi, atakhala pamenepo padzuwa kuyambira m'mawa, chifukwa anachita manyazi kupempha ndowa kwa apongozi ake. Asisi ankati munthu akadwala zonse zimamuthawa, amatsala ndi ulemu wake wokha, ndipo ntchito ya wodwazika ndi kulondera ulemuwo. A Bizwell atadwala anawasamala mwa njira yomweyo mpaka tsiku limene anawatseka maso.

Mawondo awo anathera m'ntchito imeneyi. Kugwada pa simenti za eni ake, kunyamula anthu olemera kuposa iwo, kuyenda m'misewu yamiyala ya m'makomboni dzuwa ndi mvula. Pofika chaka cha 2013 bondo lakumanja linali litatupa ngati dzungu, ndipo Lovemore, amene panthawiyo anali atapeza ntchito ku Lusaka, anabwera kudzawatenga. Ine ndinapita nawo. Madokotala anadula nsonga za mafupa zimene zinadyeka, anaikapo chitsulo ndi pulasitiki, ndipo kunsi kwa kafupa kobulungira kaja ka patsogolo pa bondo anamatako kabatani ka pulasitiki kuti kaziterereka bwino pachitsulocho. Potuluka m'chipatala anatipatsa pepala lojambulidwa tianthu topinda miyendo. Anatiuza momveka bwino, m'chinenero chathu chomwechi, kuti bondolo lizipindidwa tsiku ndi tsiku ngakhale lipweteke, ndi kuti wodwala aziyenda. Sindinganame kuti sitinamve. Tinamva, tinagwedeza mitu, tinati zikomo.

Titafika ku Nabvutika tinapeza amayi atasesa kale nyumba yonse. Kupatsa n'kuika, ndipo asisi anali ataika kwa zaka makumi awiri. A Magalita, amene anali wachiwiri wawo pagulu la amayi, anagawa masiku kuti pasapezeke ola limene wodwala ali yekha. Panali womwetsa tiyi, wotikita mapewa, wokupiza ntchentche zimene kunalibe n'komwe. Munthu wina aliyense ankafuna kubweza zimene asisi anachitira amayi ake, mwamuna wake kapena mwana wake. Ine ndinali mkulu wa onsewa, ndipo ndinkanyadira.

Tsiku lachiwiri ndinayesa zija za papepala. Ndinagwira chidendene n'kuyamba kuchikankhira kumbuyo pang'onopang'ono. Asisi, amene sindinawamvepo akulira ngakhale pamaliro a amuna awo, anakuwa. A Magalita analowa akuthamanga n'kundifunsa ngati ndinkafuna kung'amba ulusi wa madokotala. Ndinasiya. Tinagwirizana tonse kuti bala liyambe lapola, mafizo opinda mwendo aja adzabwera pambuyo, ndipo kuti ana a m'chipatala masiku ano alibe chifundo chifukwa sanadwazikepo munthu wawo. Ndinatenga pilo wofewa n'kumuika kunsi kwa bondolo, asisi n'kunena kuti tsopano akupezako bwino. Pilo ameneyo anakhala pamenepo miyezi itatu. Pepala lija tinaliika m'buku la nyimbo kuti lisade. Tsiku lobwerera ku Lusaka kukaonedwa litafika, tinaona kuti munthu wodwala sangakhale m'basi tsiku lonse, ndipo tinauza Lovemore pafoni kuti amayi ake ali bwino.

Pamene tinawalola kudzuka, bondo linali litauma. Silinkawongoka lonse, silinkapindika mokwanira, linangokhala pakatikati ngati munthu amene akufuna kukhala pansi koma wasintha maganizo. Asisi sanadandaule. Anati Mulungu wawachotsera ululu, kuyenda n'kwa ana. Zaka khumi anayenda chokoka mwendo, kuchoka kuchipinda kufika pakhonde, Lamlungu kutchalitchi pagalimoto ya mkulu wa mpingo. M'minibasi sankakwera pokhapokha mpando wakutsogolo ukhale wopanda munthu. Zoyendera odwala zinatha. Ankakhala pakhonde n'kumasoka, amayi n'kumabwera kudzawauza amene wadwala ndi amene wamwalira. Ine pobwera kudzawaona ndinkayang'ana kumbali akamadzuka pampando, koma sindinkadziwa bwinobwino chimene ndinkachithawa.

Kenaka ululu unabweranso, tsopano ndi kaphokoso m'kati mwa bondo, ndipo tsiku lina mwendo unangogonja ali pasitepe, iwo n'kugwa. Kumayambiriro kwa 2024 tinapezekanso ku Lusaka. Dokotala wa mafupa amene tinamupeza ulendo uno anali bambo wa mawu ochepa. Anaika chithunzi cha ekisire poyera n'kutionetsa ndi cholembera. Chitsulo chija chinali chitagwedera, ndipo anati chimenecho achotsa n'kuika china, imeneyo ndi ntchito yodziwika. Chimene chinkamudetsa nkhawa chinali kafupa ka patsogolo kaja. Kabatani ka pulasitiki kanali katamatuka kalekale n'kumangokhula fupalo m'kati, mpaka linatsala lopyapyala ngati khoko la mtedza. Panalibenso poti n'kumatapo kabatani kena.

Asisi anafunsa ngati sangangokachotsa kafupako, poti n'kakang'ono. Dokotala anati ena amachita zimenezo, koma mtsempha waukulu wowongola mwendo umadutsa pamwamba pa kafupako monga chingwe cha pachitsime chimadutsira pa kagudumu. Kagudumu kakachoka, madzi utunga ndithu, koma ndi mphamvu zambiri, ndipo munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri mphamvu zoterozo alibe. Mwendo uzingogonja. Iye anafuna kuyesa njira ina. Anati adzatenga fupa pang'ono m'mphepete mwa chiuno chawo chomwe, adzaliphwanya tizidutswa, adzadzaza m'khoko lija, kenaka adzaphimba ndi kachikopa ka mnofu ka m'thupi momwemo n'kusokerera kuzungulira ngati thumba, kuti tizidutswato tisatayike. Thupi likalandira, tizidutswa timagwirana n'kukhala fupa limodzi.

Asisi anamvetsera ngati mphunzitsi amene akuyesa mwana. Kenaka anati, "Adokotala, chigamba pa nsalu yakutha chigwira?"

"Chigwira, amayi, koma kamodzi chabe," anatero dokotala. "Kachitatu sitidzapeza posoka. Bondo ili likaumanso, kapena mukagwa n'kuswa kafupa aka, ndiye kuti mpando wa mawilo."

Potuluka ndinatsalira m'mbuyo dala n'kumufunsa ngati pilo uja ndi miyezi itatu yapabedi ndi zimene zinabweretsa zonsezi. Anali munthu wachilungamo. Anati zifukwa zimakhala zambiri, zitsulo zimagwedera ngakhale mwa anthu amene anachita mafizo onse, ndipo iye sangaloze chala pa chinthu chimodzi. Koma anawonjeza kuti bondo louma limapanikiza kafupa kaja kuposa bondo lopindika bwino. Pa mawu onsewo ine ndinatola omalizawa, n'kuwameza, n'kuyenda nawo. Ndinadzida kwambiri tsiku limenelo.

Opaleshoni inatenga maola asanu. Mayi wa mafizo amene anatiphunzitsa m'wodi dzina lake anali Tamiwe, ndipo kwawo kunali kufupi ndi kwathu konkuno, choncho ankatidziwa bwino. Sanandipatse pepala lokha. Anandigwiritsa mwendo wa asisi ndi manja angawa mpaka ndinadziwa pamene ndiyenera kulekezera. Anati masabata khumi ndi awiri oyamba ndi amene adzagamule mlandu. Pilo kunsi kwa bondo ayi. Kuyenda maola awiri aliwonse ndi chitsulo choyendera cha miyendo inayi, wina ali pambali kuti asagwe. Ndowa masabata awiri okha, kenaka kuchimbudzi ndi miyendo yawo. Pomaliza anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti mdani wa bondo limeneli si matenda, ndi anthu amene amakonda mwini wake. Asisi anali pomwepo akumva, ndipo anavomera. Anati iwo ndi mphunzitsi, phunziro limodzi saliphunzira kawiri.

Kuvomera uli pabedi la chipatala, mankhwala opha ululu ali m'thupi, n'kosavuta. Ku Nabvutika tinapezanso nyumba yosesedwa, a Magalita atagawa kale masiku, ndipo pabedi panali pilo watsopano wopetedwa maluwa amene amayi anasoka okha. Ndinamutenga n'kumuika pamwamba pa kabati. Kenaka ndinaima pakhonde n'kulengeza malamulo anga. Alendo azibwera masana kuyambira 3 koloko, azikhala panja pakhonde, ndipo wodwala ndiye aziyenda kudzawapeza. Palibe womwetsa munthu tiyi. Palibe wolowa kuchipinda.

Akanakhala munthu wina akanazinena bwino, ndi nthabwala pang'ono, n'kuwafotokozera za kafupa kaja mpaka amvetse. Ine ndinazinena ngati wapolisi wa pamsewu. Kwa amayi aja, wodwala kudzuka kuti akalonjere alendo chinali chinthu chozondoka, ngati mwana kudalitsa agogo ake. A Magalita anandiyankha mofatsa kuti malamulo amene akutsata si awo, anawaphunzira m'nyumba yomweyi. Ine ndinawauza kuti malamulo amenewo ndi amene anapundula mwini nyumbayo, ndipo iwo a Magalita ndi amene anandiletsa kupinda bondolo ulendo woyamba uja. Zinali zoona, koma sizinali zoyenera kunenedwa pagulu. Akulu anati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Pofika Lamlungu komboni yonse inali itamva kuti mlimi wa ku Kasenengwa watopa ndi kudwazika ndipo akuyendetsa mkulu wake ngati ng'ombe ya pangolo.

Zonena za anthu sizinandisowetse mtendere. Chimene chinkandipweteka chinali m'nyumba. Katatu patsiku ndinkagwira chidendene chija n'kumakankha, asisi ataluma nsalu, thukuta lili kamukamu. Bala la m'chiuno, pamene anatenga fupa, linkawapweteka kuposa bondo. Masiku ena ankawerenga nane limodzi kufika pa khumi. Masiku ena ankandikumbutsa kuti anandibereka kumbuyo zaka zitatu ndipo sanandigwetsepo, nanga ine ndawalakwira chiyani... ayi, ankati iwo andilakwira chiyani. Ndinkayankha kuti wakutsina khutu ndi mnansi, kenaka ndinkapita kuseri kwa nyumba kukalira pamene sangandione. Ndinkaopa kuti akaona misozi yanga ndifewa, ndipo ndikafewa tibwerera kwa pilo.

Masabata awiri atatha ndinachotsa ndowa m'chipinda. Kuchoka pabedi kufika kuchimbudzi anali mapazi makumi atatu ndi limodzi, ndinawawerenga ndekha. Lovemore anali atatumiza mpando woboola pakati wouika pamenepo kuti asamagwade. Masiku anayi zinayenda bwino, ngakhale kuti ulendo uliwonse unkatenga nthawi yokwanira kuwiritsa madzi a tiyi.

Tsiku lachisanu linali Lachinayi, tsiku la mapemphero a amayi. Pochokera kutchalitchi anabwera asanu ndi anayi, onse m'yunifolomu, n'kukhala pakhonde monga mwa lamulo langa. Asisi anali kuchipinda atangodzuka ku tulo ta masana. Amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene amatumiza munthu kuchimbudzi pafupipafupi, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo. Ndinamva akundiitana ndi mawu apansi. Nditalowa anali atakhala kale m'mphepete mwa bedi.

"Zelipa, ndipatse ndowa. Lero chabe."

"Chimbudzi chili pamene chinali dzulo, asisi."

"Kuli anthu pakhonde. Sindifika. Ndakupempha."

"Mufika. Dzulo munafika."

Ndinawapatsa chitsulo choyendera. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anadzuka. M'mutu mwanga munali zinthu ziwiri, ndipo ndinena zonse. Choyamba chinali chakuti lero chabe ndi mawu amene anatidyera miyezi itatu ulendo woyamba. Chachiwiri chinali chonyansa: ndinkafuna amayi aja aone ndi maso awo kuti munthu amene ankati ndikumuzunza akuyenda.

Anadutsa pabalaza, anatsika sitepe ya pakhonde ine nditawagwira lamba kumbuyo, analonjera amayi ndi mutu wokha. Anafika pakati pa bwalo n'kuima. Ndinaganiza kuti akupuma. Kenaka ndinaona dothi likuda pakati pa mapazi awo.

A Magalita anadzuka, anavula chitenje chimene anamanga pamwamba pa siketi, anawafunditsa asisi kuyambira m'chiuno. Amayi ena anabwera n'kuwazungulira, misana ataloza kumsewu kuti wodutsa asaone kanthu. Anawanyamula mosamala, wina atagwira mwendo wodwalawo kuti usapindike molakwika, n'kulowa nawo m'nyumba. Wina anateleka madzi, wina anathira dothi louma pamalo paja n'kusesa. Anachita zonse bwinobwino, mwa dongosolo, monga mmene mwini wake anawaphunzitsira. Ine ndinatsala pabwalo nditagwira chitsulo choyendera. Akanandilalatira zikanandipepukira, pakuti kukangana ndimakutha. Koma potuluka aliyense anangoti tapita, a Zelipa, n'kudutsa.

Ndinadziwa kuti ndawononga zonse. Ndinayembekezera kuti m'mawa andiuza kuti ndinyamule katundu wanga, amayi abwerera kuchipinda, pilo atsika pakabati, ndipo dokotala uja adzangopukusa mutu. M'mawa mwake a Magalita anabweradi ndi ndowa yatsopano ya chivundikiro. Asisi anawalandira pakhonde, ataima ndi chitsulo chawo, atavala bwino ndi duku kumutu. Anawathokoza chifukwa cha dzulo, anawauza kuti ndowayo abwerere nayo, ndipo anawapempha kuti auze amayi onse asabwerenso mpaka iwo a Mainess adzawapeze okha kutchalitchi. A Magalita anafuna kuyankha, koma asisi anali atatembenuka kale.

Atalowa anagona pabedi, anavundukula mwendo, anayang'ana kudenga. Ndinamvetsa kuti akundiuza kuti ndiyambe. Ndisanagwire chidendene ndinagwada pansi n'kunena kuti pepani asisi, ndinalakwa. Anati, "Ndamva. Yamba."

Kuyambira tsiku limenelo sindinawakakamizenso kanthu. Nthawi ankasunga okha. Ndikawerenga kufika pa khumi ankapitiriza okha mpaka khumi ndi zisanu. Ankayenda kuzungulira nyumba mpaka dothi linaoneka njira. Koma macheza anatha. Tinkadya patebulo limodzi, mawu ake ndi a mchere ndi a madzi osamba. Sanandinyoze, sananditchulire za tsiku lija ngakhale kamodzi. Ine ndimawadziwa asisi anga kuposa munthu wina aliyense wamoyo, ndipo ndikukhulupirira kuti chimene chinapinda bondo lija si malangizo a Tamiwe kapena manja anga. Anatsimikiza mumtima kuti sadzapemphanso kanthu kwa ine mpaka kufa, ndipo njira yokhayo yochitira zimenezo inali kuyenda. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Ine fupa ndinaliona pachithunzi cha dokotala, ndipo ndikudziwa kuti likamakhulidwa malo amodzi limadyeka.

Pa sabata la khumi ndi chiwiri tinapita ku Lusaka, ulendo uno osaphonya tsiku. Dokotala anaika chithunzi chatsopano pambali pa chakale. Pamene panali khoko panali potuwa, podzaza. Anati tizidutswa tagwirana, ngakhale kuti kafupako kadzapitiriza kukhwima kwa chaka chathunthu. Tamiwe anayeza kupindika kwa bondo ndi kachipangizo kake n'kunena kuti n'kokwanira kukhala pampando, kukwera sitepe ndi kulowa m'minibasi. Kugwada ndi kukhala pamphasa anati aiwale. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndagwira ntchito. Ndinayang'ana asisi. Anali kukonza duku lawo.

Tinabwerera Lachiwiri. Lachisanu m'mawa, tikumwa tiyi, anandifunsa ngati mtedza wanga ku Kasenengwa uli ndi wokumba. Ndinati ana akumba, palibe chothamangira. Anati mlendo ndi mame, ndipo munda wa munthu sufuna mwini wake azikhala kwa eni. M'nyumba imene ndinagonamo miyezi itatu, ya munthu amene anandilera, ndinali mlendo. Ndinalongedza chikwama changa, mtima ukuwawa ngati wathiridwa tsabola.

Nditatuluka ndinawapeza ali pakhonde atavala nsapato zotseka, ndodo ili m'dzanja lamanzere. Anatambasula dzanja lina kuti ndiwapatse chikwama. Kwathu mlendo sachoka yekha pakhomo, mwini nyumba amamuperekeza ndipo amamunyamulira katundu. Ndinati chikwamacho n'cholemera, angondisiya pageti.

"Bweretsa," anatero. "Pakhomo panga mlendo sanyamula."

Ndinawapatsa. Tinatuluka pageti, koyamba kuchokera pamene anagwa pasitepe paja kuti atuluke ndi miyendo yawo. Msewu wa kwawo ndi wa miyala ndi ngalande za mvula, ndipo manja anga ankangofuna kupita kumsana kwawo, koma ndinawasunga m'chitenje. Anthu anatuluka m'makomo. Mayi wogulitsa tomato anasiya kasitomala ali chiimire. A Magalita anali kuyanika zovala, ndipo anangoima ndi malaya onyowa m'manja. Asisi ankalonjera aliyense ndi dzina lake, osafulumira, osaima. Pangodya yoyamba, pamene anthu ambiri amabwererapo akamaperekeza mlendo, ndinachepetsa liwiro, koma iwo anapitirira. Pangodya yachiwiri chimodzimodzi. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo, chikwama chinkawamenya ntchafu, koma mwendo uja unkapindika n'kuwongoka, kupindika n'kuwongoka, ndipo ine ndinkauyang'ana ngati mayi amene akuona mwana wake akuyamba kuyenda. Ndinali wokondwa kwambiri, ndipo ndinali ndi chisoni chachikulu, zonse nthawi imodzi.

Anandifikitsa pamsewu waukulu penipeni, pamene timakwerera magalimoto. Anaika chikwama pansi pafupi ndi mapazi anga. Ndinafuna kunena zambiri, ine amene pakamwa sipanandisowepo mawu, koma ndinangoti zikomo asisi.

"Ufike bwino. Upereke moni kwa ana."

Anatembenuka, anasintha ndodo kuipititsa kudzanja lina, anayamba kubwerera okha. Galimoto inabwera, kondakitala anandiitana, ndinamuuza kuti apite. Ndinaima pomwepo n'kumawayang'ana akudutsa ngalande yoyamba, kenaka yachiwiri, mpaka anakhota pa golosale ya pangodya. Sanacheuke. Ndimadziuza kuti munthu woyenda ndi bondo losokedwa pamsewu wa miyala ayenera kuyang'ana kutsogolo, ndipo masiku ena ndimakhulupirira zimenezo.